Mgolo wa Enelesi

Unandisiyira mgolo, Enelesi, koma muyeso unapita nawo.
Miyezi isanu ndi itatu uli chigonere kuseri kwa khola,
thadzi la mawanga likuikiramo mazira.
Lolemba ndinalithamangitsa,
ndinakwecha dzimbiri ndi mchenga wa ku Kaombe
mpaka zikhatho kutuluka matuza.

Chimera ndinameretsa ndekha.
Mawere a ku Mwansambo, mbale zinayi,
ndinawaviika, n'kuwafunditsa masamba a nthochi
monga ndinkakuonera ndili pa mpando, ndikusoka ukonde wa eni.
Anatulutsa timichira toyera.
Ndinaseka ndekha ngati wotola ndalama panjira.

Phala litapsa anabwera Mwanaisha ndi kajagi kake.
Sanasinthe mnzako uja:
amamwa la tsiku loyamba lokha, likadali thobwa,
lisanaphunzire mwano.
Analawa, anayang'ana kumbali.
Akuti, Bambo a Ndaziona, chimera mwathira phala likadali moto.
Malemu ankapima ndi chigongono,
chala chimanama, chinazolowera makala.

Zaka zonsezi ndinkaona chigongono chako chili mbuu
ndinkayesa ndi ufa wa kuchigayo.

Usiku ndinatuluka katatu.
Iwe unkagunditsa khutu pachitsulo
n'kunena kuti, wayamba kuyankhula.
Ine ndinagunditsa langa.
Zii.
Udzudzu wokha, ndi lole ya nzimbe yochokera ku Dwangwa
ikubuula pamlatho.

Tsiku lachinayi unayankhula ndithu,
koma monyinyirika, ngati mlamu wobwereketsa njinga.
Ndinakuntha ndi khuntho lako lobooka pakona,
ndinaimika nsungwi panjira, kansanza kofiira kumutu kwake.
Woyamba kufika anali Chimtokoma wa kabaza,
thukuta lili chuchuchu, ndalama ili kale m'manja.
Anapendeketsa chipanda. Anatsinzina.
Masaya analowa m'kati.
Achimwene, uwu ndi mowa kapena bwemba?
Ndalama anasiya pamphasa, mwaulemu,
monga timachitira pa siwa.

Ndinatsitsa kansanza dzuwa lisanafike pamutu.

Malita makumi asanu ndi limodzi osasa!
Nkhuni ngolo yathunthu, shuga wangongole kwa a Jafali.
Ndinakhala pa mtondo wogubuduzika
kuwerenga zimene ndataya,
ndipo pamene ndinafika pa iwe ndinaleka kuwerenga.

Ndaziona ndiye anagwira tambala,
wokalamba uja wa lipombo logwa,
amene ngakhale fisi akanamubweza.
Anamuduladula, anatunga mowa wanga wamanyaziwo makapu atatu,
anamumiza momwemo ndi adyo, anyezi, kambuzi muwiri,
n'kuvundikira mpaka mithunzi itatalika.
Kenako moto wa zitsononkho, wapang'onopang'ono.
Fungo linadumpha mpanda.

Nyama inkachoka yokha pafupa, Enelesi.
Msuzi wakuda, wowawasira patali,
mpunga wa faya ukuumwa ngati dambo la mu Okutobala.
Nditaluma kamodzi ndinaima.
Ndimaidziwa nyama iyi.
Ndi ija unkandiphikira mwadzidzidzi pakati pa sabata,
popanda mlendo, popanda Khirisimasi,
ine n'kumayenda chifuwa patsogolo
kuti mkazi wanga wandikumbuka.

Mwana wako anaseka mpaka kutsamwa.
Akuti, Ababa, simunkadziwa?
Tambala ankafa tsiku limene mowa wawakanika amayi.
Wotsala tinkakathira kudzala usiku, inu mukuliza mkonono.

Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi!
Ndawerenga atambala amene ndikuwakumbuka.
Akwana khumi ndi anayi.
Iwe amene anthu ankachokera ku Sani wapansi
kudzamwa za m'manja mwako,
unalephera kakhumi ndi kanayi
ndipo ine ndinkanyambita zala.

Mwendo umodzi tapatsa Chimtokoma, ndalama yake isapite pachabe.

M'mawa uno ndaviikanso mawere, mbale ziwiri zokha.
Mwanaisha akuti abwera Lachitatu kudzaimirira pambali.
Malaya ndapinda kale mpaka m'mapewa.
M'khola mwatsala atambala awiri,
ndipo wamng'onoyo wayamba kundiyang'ana ndi diso limodzi.